ZA SUKULU ZA NCHITO YA MANJA NDI CILOLEZO CA BOMA

Kalata ya Bungwe, yoti iwerengedwe m'midzi msonkhano usanafike

Kwa a Gogo Calo onse a dziko la Kasungu, magulupu, nyakwawa, ndi mamembala onse a Bungwe lathu.



Tirikulemberani kalata iyi kuti pofika tsiku la msonkhano mukhale mutaganizira kale mlandu umene tifuna kuika pamaso panu, pakuti nkhani yoimva modzidzimuka pabwalo munthu aiyankha ndi mlomo wokha. Mlandu wace ndi wa sukulu za nchito ya manja zimene anthu atsegula pa okha kuti apeze nazo ndarama: zija zophunzitsa kusoka, kupala matabwa, kumanga, kuwocherera zitsulo, kukonza galimoto, kuika magetsi m'nyumba, kuphika, ndi kompyuta. Funso lathu ndi ili: kodi nkoyenera kuti Boma lizigwira sukulu zotere ndi cilolezo ndi kuziyendera, kapena lizileke monga lileka wogulitsa nthoci pa mseu? Ife tinena poyera kuti nkoyenera. Koma tifuna cilolezo cokhala ndi maso, codziwika kwa anthu a kumidzi, ndiponso cosapha mmisiri wamng'ono. Zifukwa zathu ndi izi.

THUKUTA LA FODYA

Palibe mmodzi wa inu amene tiyenera kumphunzitsa kulemera kwa nchito ya fodya. M'mwezi wa October, dzuwa lirikuswa mtengo, ife tiri ku dambo kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo; mvula ikagwa tiokera, tipalira, tithira feteleza wa ngongole; pambuyo pace tithyola, tisoka, tipacika m'cigafa, tisankha tsamba ndi tsamba, tidinda mabelo, ndi kuwatumiza ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Kumeneko adulako ngongole, adulako ya galimoto, adulako misonkho, ndipo cotsalaco ndico cimene mlimi abwera naco kwao atadikira caka cathunthu.

Ndarama yotsalayo iri nao oiyembekeza ambiri; koma m'nyumba zambiri woyamba ndiye mwana amene anatsiriza Fomu 4, nalemba mayeso a MSCE, nakhala pa mudzi wopanda kolowera. Atate ace, kapena atsibweni ace amene ali mwini mbumba, akamuona alikuzungulira pa sitolo ndi pa bawo, mtima uwawawa, nati, Koma mwanayu akaphunzire nchito ya manja, angatithawire ku Joni wopanda kanthu m'dzanja. Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo ife tiwabvomereza ndi mtima wonse.

Koma akaphunzira kuti? Pa kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Kasungu muli anthu oposa 800,000, ndi m'Malawi monse oposa 17 miliyoni, ndipo ocuruka mwa iwo ndi ana ndi acinyamata. Sukulu zazikuru zodziwika kuyambira kale, kumene Boma litumiza ana kukaphunzira nchito ya manja, ziripo 7, ndizo Livingstonia, Mzuzu, Lilongwe, Namitete, Salima, Nasawa ndi Soche. Mwa izi palibe ndi imodzi yomwe iri m'boma lathu. M'caka ca 2015 Boma linayamba kutsegula sukulu zazing'ono za m'maboma, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo tiyamika. Komabe malo ali ocepa poyerekeza ndi khamu la ana ofuna kulowa. Ndiponso m'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti, umene mabanja ambiri a pa maesiteti a kuno anakuliramo. Ana a mabanja amenewo nao afuna nchito yina yoimira pa okha. Cifukwa cace munthu amene atsegula sukulu yace ya nchito ya manja pa Kasungu, pa Santhe, pa Chamama kapena pa Nkhamenya sitimuyesa mdani, iai. Atseka mpata umene Boma silinathe kutseka. Zina mwa sukulu zimenezi, za amishoni ndi za anthu wamba, zaturutsa amisiri amene lero atimangira nyumba ndi kutikonzera ngolo.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Koma pakati pa zabwinozo pali zina zimene akuru akale akadazinena kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmodzi wa mamembala athu anatifotokozera zimene zinamgwera, ndipo ambiri a inu mudzati, Ifenso tinaona zotero. Iye atagulitsa fodya anaona cikwangwani cokongola pa malo ena a malonda, colembedwa dzina lalitali la Cingerezi, ndi zithunzi za makina ndi za anthu obvala mikanjo. Analowa, nampeza mwini wace wolankhula bwino, nalipira fizi ya mdzukulu wace wamkazi kuti aphunzire kusoka, namlipirira ndi nyumba yogona. Mtsikanayo anakapeza makina awiri okha, ena mwa iwo akufa, ndi ophunzira odzaza cipinda. Masiku ambiri anangolemba m'kope mau a pa bolodi, ndipo mphunzitsi wace anali mnyamata amene anatsiriza pa sukulu yomweyo caka catha. Potha caka anaitanitsa ndarama zina za mkanjo ndi za phwando, napatsa ali yense pepala la m'mbali mwa golide. Pamene mtsikanayo anapita nalo kukafuna nchito, ndi kufunsanso malo pa sukulu yina kuti apitirize, anamuuza kuti sukulu yaceyo siidziwika m'buku la Boma, ndi pepala lacelo liribe mphamvu. Pobwerera kukafunsa, anapeza cikwangwani atacotsa, ndi m'cipinda muja alikugulitsamo feteleza.

Tawerengani cimene cinatayika pamenepo. Yatayika ndarama ya caka conse ca fodya. Catayika caka ca mwana, cimene sicibwerera. Ndipo catayika cinthu cacitatu coposa izi, ndico cikhulupiriro. Pakuti bambo amene anapsya cotero sadzatumizanso mwana wina ku sukulu ya nchito, ngakhale yabwino, ndi anansi ace onse adzati, Za sukulu zija nzakuba.

Wina adzati, Nanga si mwini ndarama ayenera kucenjera yekha? Safunsa anadya phula. Inde, kufunsa nkwabwino; koma taonani kusiyana kwa malonda awa ndi malonda ena. Mbuzi uiona mano usanaigule, nsaru uikoka ndi manja, njinga uikwera ndi kuiyesa. Koma maphunziro uwaona ubwino wace ndarama itatha kale. Mlimi wa kwa Chulu kapena kwa Wimbe adzadziwa bwanji ngati mphunzitsi wa magetsi adziwadi magetsi? Ndiponso coipaco sicikhala pa wolipira yekha. Woika magetsi wosaphunzira bwino atentha nyumba ya wina; womanga wosadziwa kusakaniza simenti agwetsera khoma pa ana a wina; wokonza mabuleki mosadziwa aphetsa anthu pa mseu wa M1; wophunzira kuwocherera popanda magalasi ocinga maso ataya maso ace a moyo wonse. Cinthu cimene cipweteka anthu osalipirako ndi mlandu wa dziko, ndipo mlandu wa dziko ufuna woyang'anira.

LAMULO LIRIPO KALE

Ambiri sadziwa kuti lamulo la zimenezi liripo. M'caka ca 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA, limene likulu lace liri ku Lilongwe, kuti liyang'anire maphunziro a nchito ya manja m'dziko lino. Ndipo imodzi ya nchito zace ndiyo kulemba m'buku sukulu zophunzitsa nchito ndi kuona ngati ziyenera. Cuma coyendetsera nchitoyi cicokera kwa olemba anthu nchito, amene apereka tambala imodzi pa Kwacha iri yonse ya malipiro a anchito ao. M'caka ca 2011 linadzanso lamulo la bungwe la NCHE, loyang'anira mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba. Ndi sukulu yonena kuti iphunzitsa anamwino kapena azamba iyenera kubvomerezedwa ndi bungwe la anamwino ndi azamba. Potero mwini sukulu akanena kuti, Boma litidziwa, mumfunse kuti, Bungwe liti, ndipo pepala lace liri kuti? Cilolezo ca malonda cocokera ku khonsolo si cilolezo ca kuphunzitsa. Cimeneco ali naco ndi wogulitsa sopo yemwe.

Cina cosokoneza makolo ndi kucuruka kwa masatifiketi. Kwa zaka zambiri m'dziko muno munayenda mitundu itatu pamodzi: Trade Test wa Unduna wa za Nchito, woyambira giredi 3 kukwera kufikira giredi 1, Malawi Craft wa MANEB, ndi satifiketi ya TEVET, ndi pambali pa izi mayeso a kunja monga City and Guilds a ku London. Pamene mapepala oona ali a mitundu yambiri cotero, wonyenga sabvutika kusindikiza lacenso ndi kulisakaniza pakati pao. Cifukwa cace funso lacikuru kwa mwini sukulu ndi ili: Mayeso otsiriza ayesa ndani, inu nokha kapena ena a kunja kwa mpanda wanu? Mphunzitsi amene adziphunzitsira, nadziyesera, nadzisindikizira pepala, ali ngati mlimi wodziikira yekha giredi ndi mtengo pa belo lace.

Ife alimi a fodya tidziwa bwino kuti Boma likafuna kuona liona. Caka ndi caka mlimi alembetsa ku Tobacco Commission, napatsidwa cilolezo ndi muyeso wa makilogalamu amene ayenera kulima. Belo likafika pa msika aliyesa pa sikelo, alitsegula, alipenya m'kati. Akapezamo zinyalala kapena fodya wosakaniza alibweza. Tsono tifunsa ndi ulemu wonse: ngati tsamba la fodya liri nao olipenya otere, nanga nyumba imene ndarama ya tsambalo ikathera, ndi kumene mwana wa mlimi akataya caka cace, iyenera kukhala yopanda woipenya kodi? Mlimi sagulitsa fodya popanda cilolezo. Mwini sukulu asalandire ndarama ya fodya popanda cilolezo.

Ndipo sukulu yoona ya nchito si cinthu cacilendo kwa ife. Dr Robert Laws anayamba sukulu ya Overtoun ku Khondowe m'caka ca 1894, ndipo kumeneko anyamata anakhala zaka zingapo pa dzanja la mmisiri, kupala matabwa, kusema miyala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Ena a kuno anapita komweko, pakuti mishoni ya Kasungu inali ya Livingstonia isanaperekedwe kwa a Dutch a ku Nkhoma. Oturuka kumeneko analandiridwa ku migodi ndi ku mizinda ya maiko amene lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, cifukwa manja ao anacitira umboni pepala lao. Muyeso ndi womwewo kufikira lero: zipangizo zokwanira, mphunzitsi wodziwa nchito, ndi masiku ambiri a kugwira ndi manja.

CILOLEZO CINGASANDUKE CIBONGA

Tsopano timve mau a abale athu amene aopa cilolezo, pakuti mantha ao ali ndi maziko. M'caka ca 1926 Boma la Atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board, nilinena kuti lifuna kukonza ulimi wa anthu akuda. Koma kulembetsa alimi ndi kucepetsa misika kunathandiza kwambiri azungu a minda, ndipo makolo athu a m'Cigawo ca Pakati anadandaula nako zaka zambiri. Titalandira ufulu, lamulo la Special Crops Act linasungira eni maesiteti fodya wa Burley ndi fodya woumitsa m'mabalani, ndipo mlimi wamng'ono anayamba kuloledwa kulima Burley pa munda wace m'caka ca 1990. Kunena za sukulu, John Chilembwe anayamba Providence Industrial Mission ku Chiradzulu m'caka ca 1900. Itatha nkhondo ya 1915 Boma linaitseka, ndipo inakhala yotseka kufikira 1926, pamene Dr Daniel Malekebu analoledwa kuitsegulanso. Mabungwe a makolo athu, kuyambira North Nyasa Native Association ya 1912 imene Levi Mumba anali mlembi wace, anapempha kosaleka kuti maphunziro a anthu akuda acuruke ndi kukwera. Ife ana ao sitingapemphe lamulo locepetsa sukulu.

Tidziwanso kuti amisiri ambiri a m'midzi mwathu sanaphunzire m'kalasi. Anaphunzira pa khonde la telala, pansi pa mtengo wa kalipentala, pa galaji ya pa mseu, potumikira mmisiri wamkuru kufikira manja anazolowera. Lamulo likanena kuti ali yense wophunzitsa mnzace akhale ndi nyumba ya malata, ndi ofesi, ndi ndarama zambiri zolembetsera, ndi ulendo wa ku Lilongwe kawiri katatu, pamenepo otsala adzakhala olemera okha, fizi idzakwera, ndi mwana wa mlimi wamng'ono adzatsekeredwa kunja monga anatsekeredwa atate ace pa Burley. Ndiponso pamene cilolezo cibvuta kucipeza, ciphuphu cipeza khomo. Wonyenga wa ndarama agula pepala, ndi woona mtima wosauka atsekedwa.

Cifukwa cace tisiyanitse zinthu ziwiri. Mmisiri amene atenga anyamata awiri kapena atatu nawaphunzitsa pa nchito yace, osawalonjeza pepala, ameneyo Boma limthandize, ndi ophunzira ace apatsidwe njira yokayesedwa. TEVETA iri nayo njira yoyesa munthu amene anaphunzira pa dzanja la mmisiri, ndipo ife tifuna kuti njira imeneyo ifike kuno kawirikawiri. Koma munthu amene akweza cikwangwani, nachula nyumba yace koleji, nalandira fizi, nalonjeza satifiketi, ameneyo walowa m'pangano ndi dziko, ndipo dziko limpenye. Ndiponso sukulu yopereweza pang'ono isatsekedwe tsiku lomwelo. Auzidwe mwini wace cimene cisowa, napatsidwe nthawi yokonza. Anansi athu a ku Zambia, amene ali ndi TEVETA yao kuyambira pa lamulo la 1998, aika sukulu zolembedwa m'magiredi atatu monga mwa mphamvu zace, kuti yaing'ono ikhale ndi makwerero okwerapo, ndi kholo lidziwe cimene ligula. Nzeru imeneyo tiyenera kuiganizira.

MBALI YA MAFUMU

A Gogo Calo, tirikudziwa kuti inu simupereka cilolezo ca sukulu. Koma muli ndi mphamvu zitatu zimene a ku Lilongwe alibe. Malo a kumudzi apempha kwa inu. Pa phwando lotsiriza maphunziro aitana inu kuti mukhale pa mpando wa patsogolo. Ndipo anthu anu akaona mfumu yakhalapo ayesa kuti zonse ziri bwino. Wonyenga adziwa cimeneci, ndico cifukwa cace athamangira kwa mfumu ndi nkhuku asanagule ndi makina omwe. Dzina la mfumu ndi colemera. Lisabwerekedwe kwa munthu wosaonetsa pepala. Woyendera sukulu wocokera ku Lilongwe ayenda makilomita oposa 100, nafika tsiku limodzi, napeza zipangizo zobwereka dzulo lace. Koma nyakwawa ya pamenepo iona masiku onse ngati ana alikugwira nchito kapena alikungokhala pa dzuwa. Maso a Boma ndi maso a mudzi akaphatikizana, cinyengo cisowa pobisala.

ZOTI TIKAPANGANE PA MSONKHANO

Tiika mau awa pamaso panu kuti muwakonze, muonjezepo kapena kucotsapo:

1. Tipemphe TEVETA, kupyolera mwa Bwana D.C., kuti maina a sukulu zonse zolembedwa za m'boma la Kasungu, pamodzi ndi nchito zimene iri yonse iloledwa kuphunzitsa, alembedwe m'Cicewa ndi m'Citumbuka caka ndi caka, napacikidwe pa boma, pa mabwalo a mafumu ndi pa msika wa Chinkhoma, nawerengedwe pa wailesi msika wa fodya usanatsegulidwe. Pakuti a kumidzi ambiri saona nyuzipepala kapena intaneti.

2. Mwini sukulu ali yense apacike cilolezo cace pa khomo, poonekera, ndi tsiku limene cidzatha mphamvu.

3. Oyendera sukulu afike osalengeza, nawerenge zipangizo poyerekeza ndi ophunzira, naone mapepala a aphunzitsi, nalankhule ndi ophunzira pa okha mwini sukulu palibe. Napenyenso kogona ana akazi, pakuti za kumeneko timva madandaulo.

4. Mfumu isapereke malo a sukulu, kapena kukhala pa phwando lace, isanaone cilolezo ndi maso ace.

5. Membala ali yense asanalipire fizi afunse mafunso atatu: Cilolezo ciri kuti? Mayeso ayesa ndani? Amene anatsiriza caka catha ali kuti, kuti tikawaone? Ndipo alowe yekha m'nyumba yogwirira nchito, nawerenge makina, nalandire lisiti pa ndarama iri yonse.

6. Sukulu ikatsekedwa ndi Boma, kapena mwini wace akathawa, pakhale njira yobwezera fizi kapena yosamutsira ana ku sukulu yina, kuti cilango ca mwini sukulu cisagwere mwana.

7. Mtengo wolembetsera sukulu zazing'ono za kumidzi ukhale wocepa, ndi mapepala ace alandiridwe pa boma pompano. Ndi amisiri ophunzitsa pa nchito yao alembedwe maina mwaulere, kuti ophunzira ao akayesedwe.

8. Bungwe lathu lisankhe anthu atatu, mmodzi wa iwo akhale mai, olandira madandaulo a makolo ndi kuwafikitsa kwa oyenera. Ndipo asachule dzina la sukulu iri yonse pa gulu asanamve mbali zonse ziwiri, kuti tingaipitse mbiri ya wosalakwa.

Tipempha eni sukulu amene ali mamembala athu, ndi ena onse ofuna, kuti adze ku msonkhano ndi kutiuza zobvuta zao polembetsa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Woona mtima asaope mau awa. Cilolezo coona cidzamlekanitsa ndi onyenga amene amlanda ophunzira ndi kumuipitsira dzina. Tipemphanso nyakwawa kuti ziwerengere anthu ao kalata iyi, makamaka amai, amene athirira nazale ndi kusankha fodya pamodzi nafe, koma kawirikawiri safunsidwa kumene ndarama ipita. Amene ali ndi lisiti kapena satifiketi yokayikitsa abwere nayo, kuti tikaione pamodzi.

Tsalani bwino, mafumu athu ndi abale athu, kufikira tidzaonana pa bwalo.

Ndife anu okutumikirani,
Akomiti a Bungwe,
Kasungu.